Msoko Wosamasula

Sindinagwe ine, adokotala. Lembani bwino pamenepo.
Linayamba ndi fupa kuthyoka,
kugwa kunabwera pambuyo.

Ndinali chiimire pokwerera makombi ku Mufakose,
m'manja jumbo ya ulusi ndi mazipi asanu,
palibe anandikankha, palibe mwala unandipunthwitsa.
Ndinangomva kuti thyo! m'ntchafu,
ngati choko changa cholembera nsalu
ndikachikanikiza mopsa mtima.
Kondakitala anasiya kukuwa.
Mayi wogulitsa mazira anandifunditsa chitenje chake.

Zaka khumi ndi chimodzi zapitazo
anandiuza kuti mafupa anga afumbwa
ngati chimanga chogonera m'thumba.
Anandipatsa kapiritsi koyera, kamodzi pa mlungu.
Ndinasankha Lolemba.
Lolemba lililonse mbandakucha,
m'mimba mulibe kanthu, tambula ya madzi yodzaza,
kenako theka la ola osagona, osawerama,
chiimire pawindo kuwerenga ana asukulu
amene ndinawasokera mayunifolomu.
Magetsi azime, madzi asowe m'mipopi,
ndalama isinthe dzina katatu,
ine sindinaphonyepo Lolemba.
Felesiya ankatumiza ya mankhwala kuchokera ku Joni
asanalipire ndi lendi yake yomwe.

Ntchafu inayamba kudandaula chaka chatha.
Osati kupweteka kwenikweni ayi,
kungong'ung'udza chamumtima, ngati dzino lakutali.
Ndinati n'chopondera cha makina.
Kumpingo anati ndi nyamakazi, ukalamba sugona kutali.
Kukiliniki anandipatsa panado.
Chikalata cha mapiritsi aja chinkangodindidwa,
kudindidwa, kudindidwa,
wodinda osadzutsa mutu kufunsa kuti
kodi amayi, munayamba liti?

Pano ku Parirenyatwa mwandionetsa chithunzi powala.
Ndaona. Maso a telala sanama.
Fupa la munthu wogwa limanyenyeka mwachisawawa,
koma langali ladulidwa mopingasa, mwaudongo,
ngati wadutsapo sizasi yakuthwa,
m'mphepete kamlomo kotukuka.

Mwati m'fupa mumakhala amisiri a mitundu iwiri,
ogumula ndi omanga,
ndipo kapiritsi kaja kanagoneka ogumula
kuti nyumba isathe.
Koma omanga amatsata pamene pagumulidwa.
Timing'alu tinkabwera, wotikonza panalibe.

Musavutike kufotokoza, mwana wanga,
zimenezo ndazidziwa zaka makumi anayi.
Msoko wakale sasokerapo pamwamba.
Umayamba wamasula, kuzula ulusi wofooka,
ndiye n'kusoka.
Ukachita ulesi, diresi limaoneka lolimba ndithu
mpaka tsiku la ukwati.

Mwatinso mankhwalawa si mfiti,
kuti ateteza ziuno za amayi ambirimbiri,
kuti zondigwerazi n'zapatalipatali,
kungoti pakatha zaka zisanu
pamafunika kukhala pansi n'kuunikanso.
Ndamva. Sindikutukwana kapiritsi.
Mwina popanda iko ndikanathyoka kalekale.
Chikundiwawa n'chakuti ndinamvera bwino kwambiri,
ndipo palibe anakumbuka kundiuza kuti pumulani.

Tsopano mwalowetsa chitsulo m'kati mwa fupa,
kuchokera m'chiuno mpaka pafupi ndi bondo.
Ulusi mwasokera pakhungupo, pepani,
mzere wake wakhota pang'ono.
Mawa mukajambula mwendo winawo,
poti nawonso wayamba kung'ung'udza.

Bedi loyandikana nali pali mayi wa ku Mabvuku,
amandilankhula Chishona, ndimamuyankha Chichewa,
timamvana pobuula.
Dzulo anandifunsa kuti munagwa bwanji.
Ndinamufunsa kuti mumamwa chiyani Lolemba,
ndipo mwamwa zaka zingati.

Panja jakaranda wathothoka pa magalimoto a madokotala.
Kunyumba makina afundira nsalu,
singano ili chilasire m'kolala ya mwana wa Anasimango
amene akutsegulira sukulu mwezi wamawa.

Lero ndi Lolemba.
Ndadzuka mbandakucha, dzanja lafufuza tambula lokha.
Namwino akuti gonani, ambuya, kulibe choimirira.
Ndagona.
Koma ndawerenga ndithu theka la ola.